Tembisa inataya timu yake kherere asanalire

Loweruka pa 5 Seputembala 2020 ligi yaikulu ya mpira wamiyendo ku South Africa inatha m'mabwalo opanda anthu, poti mliri wa Covid-19 unali utatsekera aliyense kunyumba. Kaizer Chiefs ndi Mamelodi Sundowns zinalowa tsiku lomalizali zili ndi mapointi 56 iliyonse, ndipo Chiefs inali pamwamba kokha chifukwa zigoli zake zochinya, pochotsapo zochinyidwa, zinkaposa za anzawo. Inali itatsogolera ligi pafupifupi nyengo yonse, m'chaka chomwe inkakumbukira kuti yatha zaka 50. Khama Billiat wa ku Zimbabwe anachinya choyamba, Manuel Kambala wa ku Mozambique anabwezera timu ya Baroka, masewero n'kuthera 1-1. Kwinako Sundowns inathira Black Leopards zigoli zitatu kwa duu, n'kunyamula chikho ndi mapointi 59. Lamulo lolekanitsa matimu ofanana mapointi, lomwe anthu analiwerengera sabata yonse, silinagwirenso ntchito pamwamba pa ligi.

Kufanana kunachitikira kwina. Gabadinho Mhango wa Orlando Pirates anamaliza nyengoyo ndi zigoli 16, ndipo Peter Shalulile, mnyamata wa ku Namibia yemwe ankasewerera Highlands Park ya pabwalo la Makhulong ku Tembisa, anamalizanso ndi 16. Mphoto ya womwetsa zigoli zambiri, yomwe imatchedwa ndi dzina la malemu Lesley Manyathela, anaigawana awiriwo. Mmalawi wokhala ku Tembisa, ku Kempton Park kapena ku Katlehong anali ndi ufulu wokondwera kawiri, mwana wakumudzi ndi mnyamata wa timu ya pakhomo atakhala pampando umodzi. Komabe wina akanatha kufunsa kuti bwanji sanawerenge amene anapatsira anzake mipira yambiri yochinyira, monga inachitira FIFA pa World Cup ya 2010 m'dziko lomweli, pomwe Thomas Müller, David Villa, Wesley Sneijder ndi Diego Forlán anachinya zisanu aliyense, mphoto n'kupita kwa Müller yekha. Yankho n'lakuti ligi iliyonse ili ndi malemba ake. Ku England amagawana, ndipo mu 2019 Mohamed Salah, Sadio Mané ndi Pierre-Emerick Aubameyang, onse a ku Africa, anagawana mphotoyo ali ndi zigoli 22 aliyense. Palibe amene anabedwa pamenepo.

Koma mawu oti "atibera" ndiwo amamveka kwambiri paliponse pomwe Amalawi, anthu a ku Chipata ndi a ku Tete amasonkhana kuonera mpira, kaya ndi m'malo omwera zakumwa ku Germiston, m'chipinda cha lendi ku Daveyton, kapena m'magulu a WhatsApp olumikiza Boksburg ndi Mangochi. Timu ikatuluka mumpikisano ndi lamulo lomwe wochemerera sankalidziwa, atibera. Wothandizira woyimbira akakweza mbendera molakwika, atibera. Woyimbira akalandira ndalama kwa otchova njuga, atiberanso. Izi ndi zinthu zosiyana kutalitali, ndipo kuziika m'thumba limodzi kumateteza mbala yeniyeni, kumapereka pobisala kwa akuluakulu a mpira osawerenga malamulo, komanso kumachititsa kuti anthu asaone kuba kwina komwe kumachitikira m'maofesi, kopanda mpira ndi kherere yemwe. Tembisa ikudziwa za kuba kwa mtundu umenewo, monga zionekere kumapetoku.

Poyamba, lamulo lolekanitsa ofanana. Palibe njira imodzi yomwe inatsika kumwamba. Pa 13 Meyi 2012 Sergio Agüero anachinya m'mphindi zowonjezera, Manchester City n'kugonjetsa QPR 3-2. City ndi Manchester United zinamaliza ndi mapointi 89, ndipo City inatenga ligi chifukwa cha kusiyana kwa zigoli, 64 kwa 56. Zaka zisanu m'mbuyo mwake, mu 2007, Real Madrid ndi Barcelona zinamaliza ligi ya Spain ndi mapointi 76. Barcelona inali patsogolo kwambiri pa zigoli, koma ku Spain amayamba ayang'ana zomwe zinachitika matimu awiriwo atakumana okhaokha. Madrid inapambana 2-0 pakwawo, n'kukafanana mphamvu 3-3 ku Camp Nou, choncho chikho chinapita ku Madrid. Lamulo la ku England likanapereka chikhocho kwa Barcelona. Njira ya zigoli imalemekeza timu yomwe sinapumule nyengo yonse, ngakhale pokumana ndi matimu ofooka. Njira inayo imafunsa funso la pabwalo la kumudzi, lakuti awiriwa atagwirana anagwetsedwa ndani. Munthu atha kukonda ina mwa njirazi, koma zonse zimalembedwa mpira usanagundidwe, ndipo zimagwira aliyense mofanana.

Otsatira Orlando Pirates a ku Lusaka ndi ku Kitwe amakumbukira bwino Meyi wa 2011, pomwe Isaac Chansa anaumenya mpira wa patali kumapeto kwa masewero ndi Golden Arrows. Pirates inamaliza ndi mapointi 60, chimodzimodzi Ajax Cape Town, ndipo inatenga ligi ndi kusiyana kwa zigoli. Mwina chikumbumtima cha chikho chimenecho n'chomwe chinasokoneza anthu patangopita miyezi isanu.

Pa 8 Okutobala 2011 Bafana Bafana inasewera ndi Sierra Leone pabwalo la Mbombela, kulimbirana malo ku mpikisano wa matimu a mu Africa wa 2012. Uthenga utafika woti Niger ikugonja ku Egypt, mphunzitsi Pitso Mosimane anaona kuti kufanana mphamvu n'kokwanira, ndipo anyamata anayamba kudya nthawi. Masewero atathera 0-0, osewera anavina kuzungulira bwalo, wailesi yakanema ikuonetsa dziko lonse. Niger, South Africa ndi Sierra Leone zinali ndi mapointi 9 iliyonse, ndipo pa zigoli South Africa inalidi pamwamba. Koma malamulo a CAF ankati matimu akafanana, ayambe awerenga zotsatira za pakati pa matimu ofananawo, ndipo pamenepo Niger inali ndi mapointi 6, enawo asanuasanu. Gule anasanduka maliro. Bungwe la SAFA linayamba ladandaula, kenako linabweza dandaulolo. Chowawa pa nkhaniyi n'chakuti lamulolo silinali lobisika. Linali m'buku lomwe bungwe lililonse linalandira mpikisano usanayambe, ndipo panali anthu olipidwa mwezi ndi mwezi kuti aliwerenge. Amene akanati "atibera" tsiku limenelo akanangowapatsa anthuwo bulangete lofunda.

Lamulo lomwelo linakhudzanso Flames ku Cameroon mu Januwale 2022. Malawi ndi Guinea zinamaliza gulu lawo ndi mapointi anayi, zigoli ziwiri zochinya ndi ziwiri zochinyidwa. Guinea inakhala yachiwiri chifukwa inagonjetsa Malawi 1-0 m'masewero oyamba, ndipo Flames inadutsa ngati imodzi mwa matimu abwino a panambala yachitatu, n'kukakumana ndi Morocco. Palibe anadandaula za lamuloli ku Lilongwe, poti chisangalalo chodutsa chinakwirira zonse. Lamulo limaoneka loipa makamaka kwa amene lamuluma sabata imeneyo.

Mbiri ya malamulowa ku Ulaya imaphunzitsa kudzichepetsa. Mu 1965 Liverpool ndi FC Köln zinafanana mphamvu 0-0 kawiri, n'kukakumananso kachitatu ku Rotterdam, komwe zinathera 2-2. Nthawi imeneyo kunalibe zothetsa mkangano ndi mapenate, choncho woyimbira anachita maere poponya kachinthu kobulungira m'mwamba. Koyamba kanagwa choimirira, n'kuzika m'matope. Anaponyanso, Liverpool n'kudutsa. Chaka chomwecho bungwe la UEFA linayamba kugwiritsa ntchito lamulo loti matimu akafanana zigoli pa masewero awiri, idutse yomwe yachinya zambiri koyenda. Linali ndi nzeru m'masiku amenewo, pomwe ulendo unali wautali, mabwalo achilendo ali osiyana kwambiri, ndipo alendo ankangodzitsekera kumbuyo kudikira masewero a pakwawo. Lamulolo linkawauza kuti atuluke m'khola.

Pakupita kwa zaka linayamba kubala zodabwitsa. Mu 2003 AC Milan ndi Inter zinakumana m'ndime ya matimu anayi ya Champions League, masewero onse awiri pabwalo limodzi la San Siro, lomwe ndi kwawo kwa onse. Zinathera 0-0 ndi 1-1, ndipo Milan inadutsa chifukwa papepala inali "mlendo" tsiku lachiwiri, ngakhale kuti sinakwere ndege kapena sitima. Mu 2019 Tottenham inatulutsa Manchester City zigoli zili 4-4, n'kutulutsanso Ajax zili 3-3, osaposa aliyense wa iwo ndi chigoli n'chimodzi chomwe. Mu Juni 2021 UEFA inathetsa lamuloli, ponena kuti tsopano linkachititsa eni bwalo kuopa kupita kutsogolo. Umu ndi momwe lamulo loipa limafera: anthu amatsutsana nalo ndi zifukwa, pamsonkhano, nyengo yatsopano isanayambe.

Zotsatira za kusinthaku zinaoneka usiku wa pa 12 Malichi 2025, womwe kwa oonera a ku Ekurhuleni, ku Blantyre ndi ku Lusaka unatha tsiku litasintha kale. Real Madrid inali itapambana 2-1 pakwawo, Atlético Madrid n'kubwezera 1-0. Chigoli cha Atlético cha koyenda anachinya ndi Julián Álvarez, kotero kuti pa lamulo lakale chigoli chakecho chikanadutsitsa timu yake, ngakhale n'zoona kuti matimu akanasewera mwina podziwa zimenezo. Pa lamulo latsopano anapita kumapenate. Álvarez yemweyo anaterereka pomenya, mpira unalowa, koma oyang'ana pa VAR anapeza kuti phazi lake loponda linaukhudza pang'ono asanaumenye ndi linalo. Penate inakanidwa, ndipo Real inadutsa 4-2. Mfuu ya "atibera" inamveka kuyambira ku Madrid mpaka ku Vosloorus. Komatu woyimbira Szymon Marciniak ndi anzake anatsata malemba monga ankamvekera nthawi imeneyo, oletsa womenya penate kukhudza mpira kawiri. Vuto linali m'malembamo, omwe analembedwera munthu wochita dala, osaganizira woterereka. Mu Juni 2025 bungwe losunga malamulo a mpira la IFAB linalongosola kuti kukhudza kawiri kukachitika mwangozi mpira n'kulowa, penate ibwerezedwe. Atlético inali ndi chifukwa chokwiyira, ndipo kukwiyako kunasintha kamvedwe ka lamulo. Koma amene anailakwira ndi olemba lamulo, osati munthu wa kherere.

Ku Africa kuno lamulo la zigoli za koyenda linapitirira Ulaya atalisiya, ndipo Mamelodi Sundowns yalawa mbali zake zonse ziwiri. Mu 2023 inatuluka m'ndime ya matimu anayi osagonja, itafanana ndi Wydad 0-0 ku Casablanca ndi 2-2 ku Pretoria. Mu Epulo 2025 inatulutsa Al Ahly mwanjira yomweyo, 0-0 ku Pretoria ndi 1-1 ku Cairo. Akale anati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Pali chifukwa chomveka choti lamuloli likhalebe ndi moyo kuno, poti ulendo wochoka pa bwalo la ndege la OR Tambo kupita ku Cairo kapena ku Lubumbashi, kutentha, mabwalo ndi malandiridwe ake, zikufanana kwambiri ndi Ulaya wa 1965 kusiyana ndi wa lero. Wotsutsa zimenezi ali ndi poyambira, koma atsutse lamulolo chaka chomwe lamukomera.

Kulakwitsa kwa woyimbira ndi nkhani ina. Apa lamulo lili bwinobwino, koma munthu waona molakwika kapena wamva molakwika. Chitsanzo chomwe chimasangalatsa aliyense wokonda kusinkhasinkha za mawu n'cha pa 30 Seputembala 2023, Tottenham ikusewera ndi Liverpool. Luis Díaz anachinya, mbendera inakwera kuti anali ofusayidi, ndipo chigoli chinakanidwa. Darren England, yemwe anali pa VAR, anajambula mizere yake n'kuona bwino lomwe kuti Díaz sanali ofusayidi. Koma m'mutu mwake ankayesa kuti woyimbira wavomereza chigolicho, choncho anangoti "check complete", kutanthauza kuti waunika ndipo chigamulo cha pabwalo chikhale momwemo. Woyimbira Simon Hooper anamva kuti kukana kuja kwatsimikizidwa. Masewero anayambiranso, ndipo pozindikira, malamulo sankalolanso kubwerera. Makina anaona zoona, anthu onse anali oona mtima, koma mawu awiri analoza zinthu ziwiri zosiyana m'mitu iwiri, poti palibe anatchula chinthu chenichenicho, kuti chigoli kapena ayi. Bungwe la oyimbira ku England linavomera kulakwa ndipo linatulutsa mawu ojambulidwawo kuti aliyense adzimvere. Liverpool inagonja 2-1 ndipo mapointi sanabwerere, koma anthu anadziwa chomwe chinachitika, ndipo kalankhulidwe ka pa VAR kanakonzedwa.

Kutulutsa mawu kotereku n'komwe kumasowa m'mipikisano yambiri ya kuno, ndipo kusowa kwake ndiko kumadyetsa mawu oti "atibera". Pa 18 Januwale 2022 ku Bafoussam, woyimbira Blaise Yuven Ngwa anapatsa Malawi penate Gomezgani Chirwa atagwa polimbana ndi Bouna Sarr wa Senegal. Atapita kukaona pa kanema anasintha maganizo. Masewero anathera 0-0, ndipo Senegal inapitirira mpaka kukatenga chikho. Amalawi ambiri mpaka lero amakhulupirira kuti timu yaing'ono inaponderezedwa, ndipo funso lawo n'lomveka: VAR inakhazikitsidwa kuti ikonze zolakwa zoonekeratu, nanga apa chinaonekeratu n'chiyani? Mu Epulo 2024 ku Pretoria, mpira wa Stephane Aziz Ki wa Young Africans ya ku Tanzania unagunda chitsulo chapamwamba n'kugwera pamzere wa golo ya Sundowns, kapena kuseri kwake, malinga ndi diso la woonera. Chigoli sichinaperekedwe, ndipo Sundowns inadutsa pamapenate. Pa nkhani ziwirizi pali malo okwanira oti munthu anene kuti chigamulo chinali cholakwika. Chomwe palibe ndi umboni woti wina anagula chigamulocho. Pempho loyenera kwa CAF n'lakuti zokambirana za oyimbira zizimveka poyera, komanso kuti makina oona ngati mpira wadutsa mzere aikidwe pamasewero a msinkhu umenewo. Pempho loterolo lingathe kuyankhidwa, pomwe mfuu ya kuba imangouluka ndi mphepo.

Ndipo mfuuyo ili ndi mtengo wake, womwe amalipira ndi anthu enieni. Anders Frisk wa ku Sweden, mmodzi mwa oyimbira odziwika a nthawi yake, anasiya ntchito mu 2005 ataopsezedwa kuti aphedwa, kutsatira masewero a Barcelona ndi Chelsea. Tom Henning Øvrebø wa ku Norway anaopsezedwanso mu 2009, atakana madandaulo angapo a penate a Chelsea usiku womwe Andrés Iniesta anachinya kumapeto, Barcelona n'kudutsa ndi chigoli cha koyenda. Øvrebø analakwitsa usiku umenewo, ndipo anadzavomera yekha. Janny Sikazwe wa ku Zambia, yemwe anayimbirapo pa World Cup ya 2018, anathetsa masewero a Tunisia ndi Mali nthawi isanakwane, kawiri konse, mu Januwale 2022. Dziko linamuseka, ena anamutcha wogulidwa, ndipo kenako zinamveka kuti anadwala ndi kutentha kwa dzuwa la ku Limbe ya ku Cameroon. Ngati akuluakulu otere amachitidwa chonchi, nanga mnyamata woyimbira masewero a Lamlungu pabwalo lafumbi, wopanda wapolisi ngakhale mpanda, amatetezedwa ndi ndani pomwe khamu laphunzira kuti kherere aliyense wotsutsana nalo ndi wakuba?

Kuba kwenikweni kulipo, ndipo n'chifukwa chake mawuwa ayenera kusungidwa bwino. Pa 12 Novembala 2016 ku Polokwane, woyimbira wa ku Ghana Joseph Lamptey anapatsa South Africa penate ponena kuti Kalidou Koulibaly wa Senegal wagwira mpira ndi dzanja, pomwe mpirawo unamugunda m'miyendo. Bafana inapambana 2-1. FIFA itafufuza, mothandizidwa ndi oyang'anira kayendedwe ka ndalama za njuga, inapeza kuti Lamptey anasokoneza masewerowo mwadala. Inamuletsa kuyimbira moyo wake wonse, n'kulamula kuti masewero abwerezedwe, ndipo pa 10 Novembala 2017 Senegal inapambana 2-0 pabwalo lomwelo. Ku Italy mu 2006 Juventus inalandidwa zikho ziwiri za ligi n'kutsitsidwa ku Serie B, matelefoni ojambulidwa ataulula momwe akuluakulu ena ankalowerera pa kasankhidwe ka oyimbira. Ku South Africa komweko apolisi anamanga oyimbira ndi akuluakulu a matimu mu 2004 pa kafukufuku wotchedwa Operation Dribble. Milandu yonseyi inaululika ndi umboni, ndi anthu omwe anakhala pansi kusiyanitsa cholakwika ndi chogulidwa. N'zochititsa chidwi kuti tsiku la Lamptey mfuu ya kuba siinamveke ku Gauteng, poti mbalayo inabera alendo.

Wina anganene kuti uku n'kuchulutsa gaga m'diwa, kuti wochemerera akafuula "atibera" sakupereka umboni kubwalo la milandu, akungotulutsa mpweya, ndipo mpira wopanda mfuu zoterezi ungakhale ngati ndiwo zopanda mchere. Pali choona pamenepo. Munthu wogwira ntchito ya ulonda usiku ku Isando kapena m'munda wa maluwa ku Benoni, yemwe sabata yonse amayankha "inde bwana" m'chilankhulo cha eni, ali ndi ufulu wokuwa m'chinenero chake Loweruka madzulo. Koma masiku ano mpira wa ku Ulaya sungoonedwa chabe. Ambiri amaikapo ndalama kudzera pafoni, ndipo chigoli chokanidwa ku London chimatha kudya ndalama yomwe imayenera kutumizidwa ku Mzimba kapena ku Petauke. Woluza akakhulupirira kuti anawerenga masewero molondola koma woyimbira ndiye wamubera, alibe chifukwa chosiyira. Mawa abetchanso, pofuna kubweza zomwe "anabedwa". Pamenepa mawu aja asiya kukhala mpweya chabe.

Pali kutsutsa kwina kolemera koposa, ndipo n'komwe kukubwezera nkhaniyi ku Tembisa. Ngati zonse zolembedwa mpira usanayambe zili zachilungamo, ndiye kuti chinthu chilichonse chololedwa ndi malamulo n'chabwino? Ayi. Lamulo lolekanitsa ofanana ndi lachilungamo chifukwa limaweruza zomwe zachitika pabwalo, ndipo onse omwe likuwakhudza anavomera kusewera pansi pake. Pali malamulo ena omwe amalola kuti zotsatira za pabwalo zigulidwe pambuyo pake, ndipo omwe amapwetekedwa nawo safunsidwa n'komwe.

Highlands Park inakwera mu ligi yaikulu mu 2016, inatsika chaka chotsatira, n'kubwereranso mu 2018 pansi pa mphunzitsi Owen Da Gama. Bwalo la Makhulong linasanduka malo ovuta kwa alendo. Mu 2019 timuyi inafika mundime yotsiriza ya chikho cha MTN8, komwe inagonja 1-0 kwa SuperSport United, ndipo nyengo ya Shalulile ija inamaliza pakati pa matimu asanu ndi atatu apamwamba. Sinatsike, sinalandidwe mapointi, palibe woyimbira anailakwira mpaka kuigwetsa. Patangopita masabata owerengeka chithere ligi, malo ake mu ligi anagulitsidwa kwa Tim Sukazi, mwini wa TS Galaxy ya ku Mpumalanga, timu yomwe sinapambane masewero okwerera. Shalulile anapita ku Sundowns. Zonse zinayenda motsata malamulo a ligi, masiginecha ali m'malo mwake.

Sikanali koyamba kuti dera limeneli lichitidwe chonchi. Tembisa Classic itangokwera mu 2005 inagulidwa ndi anthu a ku Pietermaritzburg, ndipo malo akewo ndi omwe anakhala a Maritzburg United. Benoni Premier United inagulitsidwa mu 2007, n'kusamukira ku KwaZulu-Natal ndi dzina loti Thanda Royal Zulu. Ngakhale Highlands Park yakale, ya ku Johannesburg, inagulidwa ndi Jomo Sono kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 n'kusanduka Jomo Cosmos. Dera lomwe linalera Jerry Sikhosana, yemwe chigoli chake ku Abidjan mu 1995 chinapatsa Pirates chikho cha Africa, ndi Themba Zwane wa Sundowns, limabala osewera koma matimu ake amanyamulidwa ngati katundu wa pamsika. Mmalawi wotsatira Gabadinho angawerengenso yekha: Bloemfontein Celtic, yomwe inamulandira kuchokera ku Big Bullets mu 2013, inagulitsidwa mu 2021 n'kukhala Royal AM ya ku KwaZulu-Natal, ndipo Bidvest Wits, yomwe anatenga nayo ligi mu 2017, inagulitsidwa mu 2020 itatsala pang'ono kukwanitsa zaka 100. Mabwalo awiri omwe mwana wa ku Malawi anapangirapo dzina anatsala opanda matimu omwe anawasewerera.

Apa mpomwe Ulaya, yemwe anthu a ku Ekurhuleni amamuonera usiku uliwonse wa Lachiwiri ndi Lachitatu, ali ndi phunziro loposa la VAR. Timu ya Wimbledon italoledwa kusamukira ku Milton Keynes mu 2002, otsatira ake anakana kuitsatira. Anayambitsa yawo, AFC Wimbledon, kuchokera pansi penipeni, ndipo mu 2011 inafika mu ligi ya akatswiri, manyazi a nkhaniyo n'kuchititsa kuti kusamutsa timu kukhale chinthu chonyansa ku England. Mu Epulo 2021 matimu 12 olemera atalengeza Super League, mpikisano womwe eni ake sakanatulukamo ngakhale atasewera moipa chotani, ochemerera anadzaza misewu ya kunja kwa mabwalo, ndipo pasanathe masiku atatu matimu onse asanu ndi limodzi a ku England anali atatulukamo. Ku Germany lamulo limafuna kuti mamembala a timu akhale ndi mavoti ochuluka kuposa a wogula aliyense, kupatula matimu ochepa omwe ali ndi mbiri yapadera. Anthu amenewa amakalipira oyimbira ngati wina aliyense, koma anazindikira tsiku lomwe chinthu chawo chenicheni chinkatengedwa, ndipo mawu awo anali asanathe mphamvu.

Eni matimu a ku South Africa ali ndi yankho lawo, ndipo si lopusa: timu imadya ndalama zambiri, othandiza ndi ochepa, mabwalo sadzaza, ndipo munthu amene wathira chuma chake kwa zaka ayenera kukhala ndi khomo lotulukira. Zoona. Koma kugulitsa timu n'kosiyana ndi kugulitsa malo ake mu ligi. Wogula angathe kutenga timu, dzina, ngongole ndi bwalo lake, n'kupitiriza pomwepo. Chomwe chinagulitsidwa ku Tembisa ndi zotsatira za masewero 30, thukuta la osewera ndi mawu a anthu omwe ankalipira pakhomo la Makhulong, n'kupatsidwa kwa timu ina, ya dera lina, yomwe matimu anzake a mu ligi yachiwiri ankalimbana nayo poyesa kuti njira yokwerera ndi ya pabwalo. Nyengo ya 2020/21 itayamba mu Okutobala, dzina la Highlands Park silinalinso pa ndandanda wa ligi, ndipo masewero omwe akanaseweredwa ku Tembisa anakaseweredwa ku Mbombela, pabwalo lomwe Bafana inavinira mu 2011.